Njanji Ikalowa Pansi, Pamwamba Pamatsala Ndani?

Lero nkhani yathu ndi ya sitima za pamtunda, koma maso athu akhala pa anthu amene amakhala m'mbali mwa njanji m'mizinda ikuluikulu, ndi zimene zimawagwera akuluakulu a mzinda akagwirizana zoti njanjiyo ikwiriridwe pansi pa nthaka.

Amene munakhalapo pafupi ndi njanji, kaya ku Limbe, ku Balaka kapena ku Liwonde, mukudziwa kuti njanji imadula dera pakati. Msika uli mbali ino, sukulu ili mbali inayo, ndipo mayi akatuma mwana kukagula mchere, mtima umakhala m'mwamba mpaka mwanayo atabwerako. Tsono taganizani za mzinda umene sitima zimadutsa mphindi zingapo zilizonse, kuyambira mbandakucha mpaka pakati pa usiku. Ku Japan boma limachita kuwerengera padera malo odutsira njanji amene geti lake limakhala lotseka kwa mphindi 40 kapena kuposerapo pa ola limodzi, nthawi imene anthu akuthamangira kuntchito. Pageti lotere amaima onse: mwana wa sukulu, wa njinga, ngakhale ambulansi.

Ndiye chifukwa chake mizinda yambiri yasankha kutsitsira njanji pansi. Njira zake zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yokumba chidzenje chachitali kuchokera pamwamba, kumanga makoma a konkire mbali zonse ziwiri, kuyala njanji pansi, kenaka kuika denga ndi kubwezerapo dothi. Imeneyi ndi yotsikirako mtengo, koma zaka zonse za ntchitoyo msewu umakhala wong'ambika, fumbi lili koboo, ndipo makasitomala amasowa polowera m'golosale. Yachiwiri ndi yoboola pansi ndi chimakina chozungulira chimene chimadya dothi ndi miyala kutsogolo, uku chikumanga khoma kumbuyo. Pamwamba anthu amapitiriza ntchito zawo osamva kanthu, koma mtengo wake ndi wosasimbika. Njira iliyonse mwa ziwirizi imafunanso polowera mphepo, mapampu opopa madzi, ndi potulukira anthu ngozi ikachitika.

Ntchito ya mainjiniyayi ndi yovuta, koma ili ndi tsiku lothera. Nkhani imene imatsala kwa zaka makumimakumi ndi ya malo. Njanji ikalowa pansi, pakatikati pa mzinda pamapezeka malo amene dzulo kunalibe. Malo amenewa ndi a yani? Nanga anthu amene anapirira utsi ndi phokoso moyo wawo wonse, adzakhalapobe tsiku limene phokosolo lidzatha?

Tiyeni tiyambire ku New York, ku America, pakuti kumeneko anthu anaona bwino kukula kwa phindu la malo oterewa.

M'chaka cha 1871, mponda matiki wa za sitima, a Cornelius Vanderbilt, anatsegula siteshoni yaikulu ya Grand Central pa msewu wa 42nd Street pa chilumba cha Manhattan. Sitima zinkabwera kuchokera kumpoto kudzera mu msewu umene unkatchedwa Fourth Avenue, zikuyenda pamtunda pompo pamene pankayenda anthu ndi ngolo za akavalo. Ngozi zitachuluka, m'zaka za m'ma 1870 njanjiyo anaitsitsa: pena inali m'chidzenje chopanda denga, pena m'ngalande yokhala ndi mabowo otulukira utsi. Koma sitima za nthawi imeneyo zinkayendera malasha. Utsi unkadzaza ngalandemo n'kutulukira m'mabowo muja, mwaye n'kumagwera pa zovala zoyanika ndi m'mawindo. Kumpoto kwa siteshoni kunali chibwalo chachikulu chokonzerapo ndi kuimikapo sitima, chimene chinatseka misewu ingapo yodutsa kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo. Munthu wa ndalama sankalota n'komwe zokhala kumeneko. Kunali mafakitale, monga fakitale ya mowa ya Schaefer, ndi nyumba za lendi za anthu ogwira ntchito zamanja.

M'mawa wa pa 8 Januwale 1902, sitima ina itaima m'ngalande muja kudikira chizindikiro, ina inabwera kumbuyo n'kuiwomba. Woyendetsayo sanaone magetsi a chenjezo chifukwa cha utsi ndi nthunzi. Anthu 15 anafera pomwepo. Mzinda wonse unakwiya, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo ya boma la New York inakhazikitsa lamulo loti pofika mwezi wa Julaye 1908, sitima za malasha zisadzalowenso mu msewu umenewo.

Injiniya wamkulu wa kampani ya New York Central, a William Wilgus, anaona mwayi mu lamulo limeneli. Anati ngati sitima ziziyendera magetsi, ndiye kuti utsi kulibe. Utsi ukapanda kukhalapo, sitima sizifunanso thambo pamwamba pake. Choncho chibwalo chonse chija chikhoza kukumbidwa, njanji n'kuziyala pansi m'magawo awiri osanjikizana, pamwamba n'kuikapo denga lolimba. Ndipo pa dengalo kampani ikhoza kuchititsa lendi malo kwa anthu ofuna kumanga. Tamvetsani bwino pamenepa, omvera: nthaka inali ya sitima, koma kampani inachititsa lendi ufulu womanga m'malere pamwamba pa sitimazo, ndipo ndalama zake zinathandiza kubweza zimene inawononga pa ntchitoyo.

Ntchito inatenga zaka khumi, sitima zikuyendabe tsiku ndi tsiku. Siteshoni yatsopano inatsegulidwa pa 2 Febuluwale 1913. Misewu imene inali yotsekeka inalumikizidwa. Pamwamba pa njanji panamera mahotela monga Biltmore, Commodore ndi Roosevelt, ndipo mu 1931 panabwera hotela yotchuka ya Waldorf-Astoria. Nyumba zimenezi zinamangidwa mwachilendo. Mizati yake yachitsulo imatsika kudutsa pakati pa njanji mpaka kukafika pa thanthwe, ndipo anailekanitsa ndi mizati yonyamula njanji kuti kunjenjemera kwa sitima kusafike m'zipinda. Munthu akugona m'chipinda chapamwamba, pansi pake sitima zikulowa ndi kutuluka, iye osamva. Pamene panali fakitale ya mowa paja lero pali tchalitchi cha St. Bartholomew. Msewu uja tsopano ndi Park Avenue, umodzi mwa misewu ya anthu olemera kwambiri padziko lonse, ndipo pakati pake, pamwamba penipeni pa ngalande, amabzalapo maluwa chaka ndi chaka.

Anthu ambiri akamafotokoza mbiri imeneyi amalekera pomwepa. Ife tiyeni tipitirize kuyenda mu msewu womwewu kulowera kumpoto. Mukadutsa 96th Street, maluwa aja amatha. Pa 97th Street njanji imatuluka pansi n'kukwera pa mlatho wautali, poyamba wamiyala kenaka wachitsulo, umene umadutsa pakati pa dera la East Harlem mpaka ku mtsinje wa Harlem. Dzina la msewu ndi lomwe lija, Park Avenue, koma kuno sitima zimadutsa molunjika ndi mawindo a nyumba za anthu, ndipo pansi pa mlathowo pamakhala mdima ngakhale masana. Chifukwa china chinali cha chilengedwe: pamenepo mtunda umatha, nthaka imatsetsereka, ndipo njanji siingatsike phiri mwadzidzidzi. Koma taonani zimene zinatsatira. Kumwera kwa malire amenewa kuli Upper East Side, kwa mabwana. Kumpoto kwake kwakhala kukufikira alendo osauka, monga ochokera ku Italy, kenaka ochokera ku Puerto Rico ndi maiko ena. Malipoti a zaumoyo a mzindawo akhala akusonyeza kuti wobadwira ku East Harlem amayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zingapo zochepa poyerekeza ndi mnzake wobadwira kumwerako. Sitinganene kuti njanji yokha ndiyo inachititsa zimenezi, pakuti pali nkhani za tsankho, ntchito ndi nyumba. Koma ndalama zinapita kumene kunali bata, ndipo phokoso linatsalira amene analibe kothawira.

Anthu a ku East Harlem sanangokhala manja lende. Mu 1936, meya wa mzindawo, a Fiorello La Guardia, anatsegula msika pansi pa mlatho womwewo, pakati pa 111th Street ndi 116th Street, kuti mavenda amene ankagulitsira pa tingolo m'misewu apeze pokhala. Msikawo unadzatchuka ndi dzina loti La Marqueta. Pa nthawi imene unali pachimake munali ogulitsa mazana angapo: nsomba zouma, nthochi zophika, nyemba, nsalu, mankhwala azitsamba, wogula ndi wogulitsa akukuwa kuti amvane sitima ikamadutsa pamutu pawo. Izi zikutiuza kanthu kena kamene okonza mapulani amaiwala. Malo a m'mbali mwa njanji, oipa chomwecho, amakhala ndi eni ake. Pamene bwana akuona chisokonezo, pali munthu amene akulipirira ana sukulu kuchokera pomwepo.

Abale athu amene ali ku Joni mwina akuti nkhaniyi ikumveka ngati yodziwika. Sitima ya Gautrain, imene inayamba kuyenda mu 2010, imayenda pansi pa nthaka mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera ku Park Station kudzera ku Rosebank ndi ku Sandton, ndipo imatulukira pamtunda cha ku Marlboro, m'mphepete mwa dera la anthu osauka la Alexandra. Imeneyi ndi njanji yatsopano, sinachite kusamutsidwa, komabe funso lake ndi lomwelo: ndani amene mzinda umaona kuti tulo take n'tofunika kutilipirira ngalande?

Tsopano tione za ndalama, ndipo pa nkhani imeneyi tipite ku Delft, mzinda wakale wa m'dziko la Netherlands. Kuyambira mu 1965 sitima kumeneko zinkayenda pa mlatho wa konkire m'mphepete mwa chigawo chakale cha mzindawo, mazana angapo pa tsiku, pafupi kwambiri ndi zipinda zogona za anthu. Mu 2009 anayamba kukumba ngalande ya makilomita 2.3. Panjira ya ngalandeyo panali chigayo chakale choyendera mphepo chotchedwa De Roos, chimene anthu a mzindawo sakanalola kuti chigwetsedwe. Mu 2012 mainjiniya anachinyamula chathunthu ndi majeke, n'kuchikweza mita imodzi, kumanga denga la ngalande pansi pake, kenaka n'kuchitsitsanso. Sitima zinayamba kudutsa pansi pa 28 Febuluwale 2015, mlatho uja unagwetsedwa, ndipo pamwamba pa siteshoni yatsopano anamangapo maofesi a khonsolo.

Koma walira mvula walira matope. Khonsolo ya Delft inkadalira kuti gawo lake la ndalama lidzachokera ku malonda a malo atsopanowo, pomangapo nyumba ndi maofesi. Ndi nzeru yomwe ija ya a Wilgus. Tsoka ilo, chuma cha dziko lonse chinagwedezeka mu 2008, msika wa nyumba unazizira, ndipo ndalama zimene ankawerengera sizinabwere pa nthawi yake. Mzinda unalowa m'mavuto aakulu a zachuma, unadula bajeti ya ntchito zina, ndipo boma la chigawo cha South Holland linachita kuyamba kuyang'anira kayendetsedwe ka chuma chake mwapadera. Ngalande ikamalipiridwa ndi malonda a malo, khonsolo imakhala pampanipani woti igulitse malowo kwa amene wapereka zambiri. Zikatero, malonjezo a nyumba zotsika mtengo ndiwo amayamba kukhala pangozi.

Nanga anthu okhala m'deralo zimawathera bwanji? Yankho lomveka bwino lili ku Seoul, likulu la South Korea. Njanji ya Gyeongui, imene inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, inkadutsa pakati pa madera a anthu wamba. Gawo lake lina litatsitsidwa pansi, mzinda unasandutsa malo a pamwambawo kukhala paki yopyapyala ya makilomita 6.3, imene inamalizidwa mu 2016. Muli kapinga, mitengo, kamtsinje kochita kupanga, ndipo m'malo ena anasiya dala zitsulo za njanji yakale kuti anthu azikumbukira. Dera lina limene pakiyi imadutsamo ndi Yeonnam-dong. Kale kunali nyumba zing'onozing'ono za lendi yotsika, malo odyera a madalaivala a matakisi, ndi malesitilanti a mabanja ochokera ku China. Paki itatsegulidwa, achinyamata a mzinda wonse anayamba kukhamukira kumeneko. Eni nyumba anaona kuti chipinda chikasanduka malo omwera khofi chimabweretsa ndalama zambiri kuposa banja lochita lendi. Lendi inakwera, timasitolo ta zosowa za tsiku ndi tsiku tinayamba kutsekedwa, ndipo okhalamo akale amene anatsala anayamba kudandaula za phokoso la anthu omwa mowa pa kapinga usiku ndi zinyalala zimene ankasiya. Phokoso la sitima linachoka, linabwera la anthu.

Tiwerengetse bwino pamenepa. Nthawi zambiri ngalande imamangidwa ndi msonkho wa anthu onse. Ikatha, mtengo wa nyumba zoyandikana nayo umakwera. Phindu limenelo limalowa m'thumba mwa mwini nyumba, amene mwina sakhala n'komwe m'deralo ndipo sanagwire fosholo ngakhale tsiku limodzi. Wochita lendi amalipira kawiri: choyamba ndi zaka za fumbi ndi misewu yotsekedwa, chachiwiri ndi kalata yomuuza kuti lendi yakwera. Lendi yake inali yotsika chifukwa cha sitima ija. Sitima itachoka, chimene chinkamuteteza chachokanso.

Wina akhoza kufunsa kuti, ndiye bwanji osangoisiya njanji pamene ili? Ayi, limenelo si yankho. Lendi yotsika imene mtengo wake ndi mwana kugundidwa ndi sitima si mwayi woti tiusirire. Anthu osauka nawonso amafuna tulo, mpweya wabwino ndi njira yofikira kuchipatala popanda kudikira pageti. Ku South Korea komweko, mu 2024 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lapadera lothandiza kukwirira njanji za m'mizinda pogwiritsa ntchito ndalama zochokera ku chitukuko cha malo a pamwamba pake. Ntchitozi zipitirira. Chofunika ndi kuona mmene phindu lake lingagawidwire.

Chitsanzo chopatsa chiyembekezo chili ku Tokyo, m'dera la Shimokitazawa. Derali limadziwika ndi tinjira topapatiza, masitolo a kaunjika, ndi timalo ting'onoting'ono ta zisudzo ndi nyimbo. Njanji ya kampani ya Odakyu inkadula derali pakati, ndipo mageti ake anali m'gulu la aja osatseguka m'mawa. M'mwezi wa Malichi 2013 sitima zinalowa pansi, malo odutsira njanji asanu ndi anayi n'kuchotsedwa, ndipo pamwamba panatsala mzere wa malo wa makilomita pafupifupi 1.7. Anthu a kuderali ndi osagonja msanga. Anali atalimbana kale kwa zaka zambiri, mpaka kukhoti, ndi pulani ya boma yodutsitsa chimsewu chachikulu pakati pa masitolo awo. Kampani ya sitimayo inaona kuti ikabwera ndi chinyumba chimodzi chachitali chodzaza masitolo a makampani akuluakulu, idzapha chimene chimakokera anthu kuderalo. Choncho inamanga nyumba zazifupi, n'kuikapo sukulu ya mkaka, nyumba yogona ophunzira, ndi minda ya maluwa imene amasamalira ndi anthu a m'deralo eni ake. Mu 2020 inatsegula kagawo kotchedwa Bonus Track, ka tinyumba tokhala ndi shopu pansi ndi chipinda chogona pamwamba. Poika lendi ya tinyumbati, anayamba aganizira ndalama zimene wachinyamata woyamba kumene bizinesi angakwanitse, kenaka kukula kwa nyumba n'kukugwirizanitsa ndi ndalamazo.

Sikuti zonse zinayenda bwino kumeneko. Kamsika kakale ka pafupi ndi siteshoni, kamene kanayamba nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, kanagwetsedwa kuti papezeke bwalo lalikulu kutsogolo kwa siteshoni, ndipo alipo amene mpaka lero amati derali lataya fungo lake. Komabe kusiyana kwake ndi Yeonnam-dong kukuoneka. Ku Tokyo mwini malo anakhala pansi n'kusankha dala kuti asafinye phindu lonse limene akanatha kufinya, ndipo anatero chifukwa anthu a m'deralo anali ogwirizana ndiponso olankhula.

Kwathu kuno za ngalande ya sitima pansi pa Blantyre ndi za kutali. Sitima zathu zimayendera dizilo, zambiri zimanyamula katundu, ndipo ndalama zoterozo zili ndi ntchito zina zofulumira. Koma masamu amene tawerengetsa lerowa amagwira ntchito paliponse pamene chitukuko chikukweza mtengo wa malo, kaya ndi msewu wa phula wolowa m'dera, msika watsopano kapena depoti ya mabasi. Chipukuta misozi chimapita kwa mwini malo. Wochita lendi ndi venda wa pa benchi sawerengedwa, chikhalirecho ndiwo amene amasamuka koyamba.

Ndiye mukamva kuti chitukuko chikubwera m'dera lanu, pitani kumsonkhano woyambirira, mapulani asanasainidwe, ndipo mukafunse mafunso atatu. Malo amene apezeke ntchitoyi ikatha adzakhala m'manja mwa ndani? Pa phindu limene eni malo oyandikana nawo adzapeze, ndi gawo lanji lidzabwerere ku khonsolo kuti lithandize anthu onse? Ndipo ochita lendi ndi mavenda amene ali pano lero alembedwa pati, adzabwerera pa malo ati, pa mtengo wanji? Mayankho ake alembedwe papepala, asainidwe, ndipo mfumu, khansala ndi komiti ya msika aliyense asunge kope lake. Makina okumba akangofika pamalopo, mtengo wa nthaka umakhala utakwera kale, ndipo amene angamveke mawu pa nthawi imeneyo ndi wogula yekha.